Anamwalira mu November, wilo nkusayina mu December?

Wofufuza wa ku Zomba: Anzanga, ndithandizeni. Kasitomala wanga akufuna mbiri ya makolo ake a mpingo wa Quaker ku Chester County, Pennsylvania, m'dziko la America. Buku la mpingo likuti gogo wawo wina anamwalira "11th month 1749", koma wilo yake ndi ya December 1749. Wakufa angasayine bwanji? Kapena ndasokoneza anthu awiri a dzina limodzi?

Mayi wa m'nkhokwe ya zolemba: Ayi achimwene, ndi munthu mmodzi yemweyo. A Quaker ankakana mayina a miyezi ochokera kwa milungu yachikunja, ankangoiwerenga ndi manambala. Koma chaka cha 1752 chisanafike, mwezi wawo woyamba unali March, ndipo chaka chinkayamba pa 25 March. Werengani pa zala: wachikhumi ndi December, wa 11 ndi January. Bamboyo anamwalira mu January 1750 pa kawerengedwe ka lero, mwezi umodzi atasayina. M'lipoti lembani deti monga liliri m'bukumo, kenako muwonjezere 1749/50. Zimandipweteka ndikaona anthu akusandutsa "11th month" kukhala November pa mitengo ya mabanja ya pa intaneti, ena nkumangokopera.

Wofufuza wa ku Zomba: Zikomo kwambiri amayi, mtima wakhala pansi. Latsala limodzi. Mwana wa gogoyo anasamukira ku mpingo wa Quaker wa Hopewell, ku Virginia, ndipo kumeneko mapazi ake azimiririka.

Mkulu wopuma pantchito: Musadabwe, mabuku oyambirira a Hopewell anapsa ndi moto mu 1759. Musakireni kumene anakafikira. Wa Quaker posamuka ankatenga kalata ya mpingo, ndipo mpingo womulandira unkalemba kumene wachokera. Ambiri a ku Hopewell anatsikira ku North Carolina, ku mipingo ya Cane Creek (unakhazikitsidwa mu 1751) ndi New Garden (mu 1754). Yambani ndi voliyumu yoyamba ya Hinshaw, mabuku a William Wade Hinshaw ofupikitsa zolemba za mipingo ya Quaker. Pomwe pali "rocf" ndiye kuti analandiridwa ndi kalata. Mukaona "dis", anachotsedwa, kawirikawiri chifukwa chokwatira kunja kwa mpingo, ndiye ana ake muziwasaka m'zolemba za boma.

Mayi wa m'nkhokwe ya zolemba: Chenjeraninso, New Garden ilipo ina ku Chester County komweko. Ndipo Hinshaw ndi chidule chabe. Mukampeza mwanayo m'menemo, lemberani ku Guilford College, kumene kuli mabuku enieni a North Carolina, akutumizireni chithunzi cha tsambalo musanauze kasitomala.