Falafel wanga akuphwasukira m'mafuta, kodi ndikulakwitsa pati?

Nangozo wa ku Chilomoni:

Moni nonse. Amuna anga anagwirapo ntchito ku Dubai, ndipo chibwerereni sasiya kutchula falafel, timibulu ta tchana tokazinga m'mafuta timene Aarabu amadyera buledi wopyapyala. Loweruka lapitali ndinagula tchana mumsika wa Limbe, ndinamuphika mpaka kufewa ngati nyemba, ndinamusinja mumtondo pamodzi ndi anyezi ndi adyo, kenako ndinaumba timibulu tokongola ndithu. Nditangotiponya m'chiwaya, tonse tinaphwasuka n'kusanduka phala, mafuta a lita yathunthu n'kuwonongeka. Ndikupempha amene akudziwa andiuze pamene ndinalakwitsa, komanso kumene ndingapeze tahini, chifukwa amuna anga akuti popanda iyeyo chakudyachi n'chosakwanira.

Bambo Saidi wa ku Mpingwe:

Pepani mayi chifukwa cha mafutawo, koma cholakwika ndi chimodzi chokha: tchana wa falafel saphikidwa. Mumunyike m'madzi ozizira usiku wonse, maola osachepera 12, ndipo mukamutsanula mumuyanike pa lichero mpaka madzi onse atadontha. Tchana wonyika chabe amagwirana yekha akakumana ndi mafuta otentha, pamene wophika amakhala atamwa kale madzi ambiri, n'chifukwa chake anakusungunukirani. Posinja musafike pa ufa wosalala. Asiyeni akhale ngati misere ya chimanga, kuti mukafinya m'dzanja azigwirana koma timisere tiziwonekabe. Muthiremo anyezi, adyo, mchere, masamba ambiri a dhania (coriander), ndi jira (cumin), timbewu tonunkhiritsa chakudya timene timapezeka m'mashopu a amwenye ku Limbe komweko, ndipo mukasakaniza muzisiye pozizira kwa ola limodzi musanaumbe. Poyamba muponye kambulu kamodzi kokha m'mafuta kuti muone ngati kakuthetheka bwino osaphwasuka. Ku Egypt, kumene amamutcha ta'amiya, amagwiritsa ntchito nyemba zazikulu za fava, koma wa tchana ndi amene ali wofala ku Lebanon, Syria ndi Palestine.

Nabanda wa ku Zingwangwa:

Za tahini musavutike n'kufunafuna mabotolo ochokera kunja, chifukwa tahini ndi chitowe chosinja basi, chomwechi chimene alimi a ku Chikwawa ndi Nsanje amalima. Muchikazinge chopanda mafuta pa moto wochepa wa mbaula, mukutakasa osalekeza, ndipo muchiphule chikangoyamba kununkhira, pakuti chitowe sichili ngati mtedza: chikapserera pang'ono chabe chimawawa ndipo palibe chochikonza. Mukatero musinje monga mmene timapangira chiponde, n'kuthiramo mafuta pang'ono kuti chiziyenderera. Chimene chinandiopsa ine ulendo woyamba ndi chakuti nditafinyiramo mandimu, tahiniyo anauma gwa ngati dothi loumbira mphika, moti ndinatsala pang'ono kumutaya. Mpofunika kumathira madzi ozizira supuni imodziimodzi mukutakasa, ndipo amasanduka woyera ndi wosalala. Ngati tchana wophika uja anatsalako, ameneyo ndiye woyenera hummus, phala la tchana lodyera buledi: mumusinje mpaka asalale, musakanize ndi tahini, mandimu, adyo ndi mchere. Ine pophika tchana wa hummus ndimathira kasoda kamene timathira m'therere, chifukwa kamafewetsa makoko kuti asavute kuchotsa.

Bambo Mbewe wa ku Chirimba:

Ine ndimangothira dzira limodzi ndi ufa wa tirigu pang'ono, ndipo sizinandiphwasukirepo ngakhale tchanayo ali wophika.

Bambo Saidi wa ku Mpingwe:

Zimagwiradi achimwene, sindikukana, koma m'kati mwake mumakhala molemera ngati mandasi osafufuma, pamene falafel weniweni amayenera kukhala wokhukhuta kunja, wopepuka ndiponso wobiriwira m'kati chifukwa cha masamba aja.

Nangozo wa ku Chilomoni:

Zikomo kwambiri nonsenu. Tchana ndamunyika kale madzulo ano m'beseni, ndipo mawa ndilawirira ku Limbe kukafuna chitowe ndi jira. Mayi Nabanda, chitowe chakuda chija n'chothekanso, kapena ndifunefune choyera chokha?