Mbiri ya amalume anga yachotsedwa pa Wikipedia, ndalakwitsa pati?

Wa ku Mtendere:
Abale, ndithandizeni nzeru. Amalume anga ankaimba gitala m'magulu a kalindula kuno ku Lusaka m'zaka za m'ma 1980, ndipo akadali moyo. Ndinakhala nawo pakhonde masabata atatu, iwo akufotokoza ine ndikulemba: kwawo ku Katete, malo amene anaimbako, ngakhale mkangano wa ndalama umene unapasula gulu lawo. Nditaika pa Wikipedia, mkonzi wina anachotsa pafupifupi zonse, akuti palibe umboni. Umboni woposa pakamwa pa mwini wake ndi uti? Akuluakuluwa akutha, ndipo akapita apita nazo zonse.

Mphunzitsi wa ku Chilenje:
Achimwene, ntchito mwagwirayo ndi yabwino, kungoti mwathira chimanga m'nkhokwe ya eni. Wikipedia imalandira zokhazo zimene zinasindikizidwa kale, zoti wina aliyense angathe kukaziona yekha. Pa anthu amoyo lamulo ndi lolimba kwambiri, ndipo lili ndi chiyambi chake. Mu 2005 munthu wina analemba bodza pa Wikipedia kuti mtolankhani wa ku America, John Seigenthaler, ankaganiziridwa pa kuphedwa kwa pulezidenti John Kennedy ndi m'bale wake Robert Kennedy. Bodzalo linakhala pamenepo miyezi inayi. Lero nkhani yokayikitsa yopanda gwero, yonena za munthu wamoyo, imachotsedwa nthawi yomweyo osayamba mwakambirana.

Ndiye taganizirani za mkanganowo. Mwatchula anzawo a amalume, ena ali moyo, ali ndi ana ndi zidzukulu. Mwamva mbali imodzi yokha. Akanakhala iwo alemba zotere za amalume anu, mukanamva bwanji?

Mayi wa ku Kaunda Square:
Mwanawe, usataye mtima. Pita ku National Archives, kosungira zolemba zakale za dziko, kapena ku laibulale ya yunivesite ya UNZA, ukapemphe Times of Zambia ndi Zambia Daily Mail za zaka zimenezo. Ukapeza nkhani, lemba dzina la nyuzi, tsiku ndi tsamba. Gwero silifunika kukhala pa intaneti, la papepala limaloledwa. Za pa Facebook zolembedwa ndi anthu ena usaziyese n'komwe. Tsiku lobadwa ika chaka chokha, akuba amatola masiku obadwa a anthu.

Wa ku Matero:
Lamulolo ndikulimvetsa, koma ife limatipweteka. Nyuzi zathu zinkadzaza ndi andale, oimba m'Chinyanja ankamveka makamaka pa wailesi. Achimwene, zolemba zanuzo apatseni atolankhani akacheze ndi amalume akadali ndi mphamvu. Nkhaniyo ikatuluka m'nyuzi, gwero lapezeka.

Wa ku Mtendere:
Zikomo nonse. Aphunzitsi, za mkanganozo mwandigwira mtima, sindizibwezeranso. Amalume ati m'sutikesi mwawo muli zidutswa za nyuzi zimene anadula kalekale, zina zilibe tsiku. Loweruka ndikazitenga, Lolemba ndilawirira ku Archives kukafufuza masiku ake.