Pempho la malangizo: wophunzira udokotala aike mtima pati m'wodi ya amayi odwala khansa?

Wofunsa: Akuluakulu a m'gulu lino, makamaka madokotala ndi anamwino amene mumasamalira amayi odwala khansa ya khomo la chiberekero, ndikupempha nzeru zanu. Ndikuphunzira udokotala, ndipo posachedwapa ndiyamba gawo la matenda a amayi ku chipatala cha Queen Elizabeth mu Blantyre, kumene bungwe la madokotala la MSF linayamba kuthandizana ndi boma polimbana ndi khansayi mu 2018. Nthawi imene tapatsidwa ndi yochepa, ndipo anzanga ambiri akuti aithera ku fiyeta, poti opaleshoni yaikulu yochotsa chiberekero pamodzi ndi minofu yochizungulira siioneka m'zipatala za m'maboma.

Ineyo ndili ndi mitima iwiri. Opaleshoniyi imathandiza pamene khansa isanafalikire kutali ndi khomo, koma amayi ambiri kuno kwathu amafika matenda atakula kale, ndipo ambiri a ife tikadzamaliza tidzatumizidwa kumene sitidzaichita n'komwe. Kodi ndilimbikire kuimirira ku fiyeta, kapena ndikhazikike ku kiliniki ndi m'wodi? Komanso, wophunzira amapempha bwanji chilolezo choyeza mayi kumaliseche popanda kumuchititsa manyazi?

Dokotala wa matenda a amayi: Mwafunsa bwino, adokotala a mawa. Ku fiyeta pitani ndithu, koma musapite ndi maganizo oti mukaphunzire kuchita opaleshoniyo, chifukwa ngakhale katswiri wa matenda a amayi amafunika maphunziro ena apadera kuti aichite yekha. Chimene mukatengeko ndi maonekedwe a m'kati mwa chiuno. Mukaonetsetse mmene njira yotenga mkodzo kuchokera ku impso imadutsira pansi pa mtsempha wa magazi wopita ku chiberekero, pafupi kwambiri ndi khomo. Mukaziona zimenezi ndi maso anu mudzamvetsa chifukwa chake khansa ikakula n'kufika pa siteji IIIB imatseka njirayi n'kutupitsa impso, ndiponso mudzasamala tsiku limene mudzachotse chiberekero cha mayi amene akutaya magazi atabereka, usiku, palibe wamkulu womuitana.

Komabe nthawi yanu yambiri ikhale ya kuyeza. Phunzirani kugwiritsa ntchito speculum, chipangizo chotsegulira njira ya amayi kuti khomo lioneke, mosapweteka munthu, kuyeza ndi zala mpaka muzitha kusiyanitsa chotupa chimene chili pa khomo pokha ndi chimene chagwira kale minofu ya m'mbali, ndi kudula kachidutswa kopita ku labu. Kusiyana kumeneku, kwa siteji IB ndi IIB, ndi kumene kawirikawiri kumanena ngati mayi apite ku opaleshoni kapena ku radiotherapy, komwe ndi kuwotcha khansa ndi cheza, pamodzi ndi mankhwala a khansa a cisplatin. Chimandiwawa kwambiri ndi kulandira mayi amene wakhala akupatsidwa mankhwala a matenda opatsirana pogonana mobwerezabwereza, pamene akutuluka magazi akakhala malo amodzi ndi amuna awo, koma palibe amene anayang'anapo khomo lake.

Namwino woyeza khansa: Pa nkhani ya chilolezo, dzitchuleni nokha kuti ndinu wophunzira, ndipo munene mayiyo asanavule, osati atagona kale pa bedi. Muwaitane kuti amayi kapena agogo, muwafunde chitenje chawo, ndipo pakhale namwino wamkazi nthawi zonse. Akakana, thokozani n'kutuluka. Ngati kuyezako kudzachitika atagonetsedwa ku fiyeta, chilolezo chipemphedwe akadali maso.

Bweraninso kwa ife ku kiliniki yoyezera ndi viniga. Timapaka viniga pa khomo, n'kudikira mphindi imodzi, ndipo malo amene ayamba kusintha amayera. Ngati malowo ndi ochepa ndipo akuoneka onse, timawatentha ndi kachipangizo tsiku lomwelo. Ntchito imeneyi mudzaichita kulikonse kumene mungatumizidwe, ndipo musaiwale amayi a ku kiliniki ya ma ARV, poti amene ali ndi HIV chiopsezo chawo n'chochuluka pafupifupi kasanu ndi kamodzi. Katemera wa HPV, kachilombo koyambitsa khansayi, anayamba kuperekedwa kwa atsikana m'dziko lonse mu 2019, koma amayi ambiri amene mudzakumane nawo m'zaka zoyamba za ntchito yanu sanabayitse.

Dokotala wa ku chipatala cha boma laling'ono: Ndikugwirizana ndi akuluakuluwa, koma pali mbali imene sinatchulidwe. Amayi amene opaleshoni siingawathandizenso amabwerera kwa ife ndi ululu, fungo, nthawi zina mkodzo ukungotuluka wokha chifukwa cha fisitula. Pemphani masiku angapo ku Tiyanjane, kiliniki yosamalira odwala matenda osachiritsika pa Queen Elizabeth pomwepo, mukaphunzire kaperekedwe ka mankhwala oletsa ululu a morphine wakumwa maola anayi aliwonse pamodzi ndi mankhwala ofewetsa m'mimba, ndiponso mukamvetsere mmene amauzira wodwala zoona pamene achibale akupempha kuti asauzidwe.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Ndasankha kuti masiku a kiliniki ndisawaphonye, ndipo ku fiyeta ndizilowa pa opaleshoni ya amayi amene ndinawaona ndekha asanagonekedwe. Adokotala a matenda a amayi, ndifunsenso: mayi akabwera ndi chotupa chooneka kale ndi maso ku chipatala cha boma laling'ono, kodi ndidule kachidutswa n'kudikira zotsatira, kapena ndimutumize ku chipatala chachikulu tsiku lomwelo?