Ndikuopa kukayezetsa magazi

Wa ku Ndirande: Abale ndithandizeni, chibwenzi changa chikuti tikayezetse HIV tisanapange chinkhoswe koma ine ndikangofika pa geti la chipatala miyendo imanjenjemera mpaka ndimabwerera. Inu munalimba mtima bwanji?

Make Awiri: Achimwene yambani ndi ka self-test kaja kopaka m'nkhama, mphindi 20 zokha mwaona zotsatira muli kuchipinda kwanu, koma kakaonetsa mizere iwiri musathamangire kulira, mukatsimikize kaye kuchipatala.

Mjomba: Aise ma ARV ndi aulere m'zipatala za boma, amalume anga akumwa mpaka lero ali bwinobwino akulima fodya ku Kasungu, nde ukuopa chani?

Nachisale: Pitani limodzi ndi asisiwo m'mamawa musanayambe kuganiza zambiri, aphungu amacheza nanu kaye asanakubayeni chala. Zobwerera pa getizo nde ayi kkkk alonda ayamba kukudziwani.