E. coli amakhala kale m'matumbo, nanga amadwalitsa bwanji?

Tiyamike_N:
Akuluakulu, ndiunikireni apa. Mabuku amati E. coli ndi bakiteriya amene amapezeka m'matumbo mwa munthu aliyense wathanzi. Nanga bwanji akapezeka mu mkodzo timati ndi matenda? Ndi mitundu iwiri yosiyana kapena ndi yemweyo?

Walabu:
Kawirikawiri ndi yemweyo, achemwali. Chasintha ndi malo. Thupi la munthu wamkulu limasunga mabakiteriya pafupifupi 38 thiriliyoni, ambiri mwa iwo m'matumbo aakulu. Kumeneko amathandiza kugaya zotsalira za chakudya, ena amapanga vitamini K, ndipo amadzaza malo moti tizilombo tachilendo timasowa pokhala. Koma magazi, madzi a mu msana ndi impso si kwawo. E. coli akachoka kothako n'kukwera njira ya mkodzo, amamatirira kukhoma la chikhodzodzo n'kuyamba kuswana. Njira imeneyi kwa amayi ndi ya masentimita 4 okha, pamene kwa abambo imafika 20. N'chifukwa chake vutoli limagwira amayi kwambiri, komanso chifukwa chake timati podzipukuta muziyambira kutsogolo kupita kumbuyo.

Bakiteriya wina, Staphylococcus aureus, nayenso n'chimodzimodzi. Munthu mmodzi mwa atatu alionse amakhala naye m'mphuno popanda vuto, koma akalowa pabala amabweretsa mafinya.

Mayi_Namwino:
Ndiwonjezerepo, chifukwa apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Kupezeka kwa bakiteriya mu mkodzo sikutanthauza kuti munthu wadwala. Ngati samva kuwotcha pokodza, sakodza pafupipafupi, thupi silikutentha, m'chiuno simukupweteka, sitimupatsa maantibayotiki. Timapereka kwa mayi woyembekezera, kapena munthu amene akukachitidwa opaleshoni ya njira ya mkodzo. Katengedwe ka mkodzo nakonso n'kofunika: asambe kaye kumaliseche, ataye mkodzo woyambirira, atape wapakati m'kabotolo koyera, ufike kulabu pasanathe maola 2 kapena ausunge m'firiji. Ukakhalitsa patebulo mabakiteriya amaswana, zotsatira n'kunama. Kachubu kotulutsira mkodzo kamene timalowetsa m'chikhodzodzo nako kakakhalitsa, chiopsezo chimakula tsiku ndi tsiku. Kachotsedwe msanga ntchito yake ikatha.

Dr_Mphepo:
Awalabu anena zoona, koma funso la mitundu lisadumphidwe. Alipo E. coli ena, monga O157:H7, amene amatulutsa poizoni n'kutsegulitsa m'mimba mwa magazi ngakhale ali m'matumbo momwemo. Amenewo amachokera kunja, kudzera m'madzi kapena chakudya choipitsidwa ndi ndowe za ng'ombe.

Njira ina imene anzathu a m'thupiwa amatitembenukira ndi pamene tawapha tokha. Maantibayotiki sasankha. Clindamycin, ciprofloxacin kapena ceftriaxone akasesa m'matumbo, bakiteriya wotchedwa Clostridioides difficile amapeza bwalo n'kuchulukana, munthu n'kuyamba kutsegula m'mimba katatu kapena kuposerapo patsiku, nthawi zina patatha milungu ingapo atasiya mankhwala. Njere zake sizifa ndi sanitaiza. Pafunika sopo ndi madzi, ndipo pansi ndi m'chimbudzi pathiridwe klorini. Kwa amayi, bakiteriya wotchedwa Lactobacillus ndiye amasunga asidi wa kumaliseche pa muyeso (pH) wa 3.8 mpaka 4.5. Akachepa, fangasi wotchedwa Candida amakula, kuyabwa n'kuyamba. Ndiye munthu wa chimfine, chimene ndi cha vairasi, akamwa amoxicillin sapindula kanthu, angopha omuteteza.

Tiyamike_N:
Zikomo kwambiri nonse. Za maola 2 zija ndinali ndisanazimvepo.