Ulendo wa masiku atatu wokaona chipale chofewa ku Lesotho: kodi nkotheka ndi ndalama zochepa?

Mphunzitsi wa ku Mpondasi analemba kuti:

Moni nonse abale ndi alongo. Ine ndine mphunzitsi wa ku pulayimale kuno ku Mangochi, ndipo ndabwera kudzapempha nzeru kwa inu amene munayendako kunja. Sukulu zikatsekera, ine ndi mayi akunyumba pamodzi ndi mwana wathu wamkazi wa zaka 12 tidzapita ku Joni kukaona alamu anga amene amasoka zovala kumeneko. Ulendo wa basi tinaukonza kale, ndipo tidzakhalako masabata atatu a mwezi wa Ogasiti.

Chimene chandibweretsa pano ndi mwanayu. Chaka chatha amalume ake anamutumizira pa WhatsApp kanema wa anthu akutsetsereka pa chipale chofewa, ndipo atamuuza kuti malowo ndi a muno mu Africa anakana kwamtuwagalu, chifukwa kuzizira kumene iye amakudziwa ndi mphepo ya mwera yokha, imene ikaomba mu Juni asodzi amakokera ngalawa kumtunda ndipo ife timavala juzi m'mamawa basi. Chiyambire tsiku limenelo sanasiye kufunsa. Inenso ndimaphunzitsa ana za nyengo za m'maiko osiyanasiyana, koma chipale chimene ndinachigwirapo ndi cha m'firiji chokha, ndipo mtima wanga ukulakalaka kuti tikachione tonse ndi maso.

Ndamva kuti malowo ndi Afriski, m'mapiri a Maluti m'dziko la Lesotho. Ndikufuna kudziwa ngati nkotheka kunyamuka ku Joni Lachisanu ndi kubwerera Lamulungu popanda kuwononga ndalama zambiri, kumene tingagone, ndiponso zovala zimene tiyenera kukonzeratu. Ndasunga ndalama zokwana R7,000 pa ulendo waung'onowu, ndipo sindingathe kuwonjezerapo, pakuti nonse mukudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira kupeza kuno kwathu chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Dalaivala wa ku Namwera anayankha kuti:

Aphunzitsi, zikomo chifukwa cha funso lanu. Ine ndakhala ku Joni zaka zambiri ndikuyendetsa galimoto, ndipo msewu umenewo ndinaudutsa kawiri m'nyengo yozizira. Yankho langa ndi lakuti nkotheka, chifukwa gawo lodula la ulendowu, lomwe ndi kuchoka ku Malawi kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, mwalikonza kale pa chifukwa china. Munthu amene anganyamuke ku Mangochi ndi cholinga cha chipale chokhacho ndingamuletse, koma inu mudzakhala muli kale pafupi.

Msewu wake uli motere. Mumatuluka mu Johannesburg pa N3, nkupatuka kulowera ku Bethlehem, kenako ku Fouriesburg, ndipo mumalowa mu Lesotho pa chipata cha Caledonspoort. Mukadutsa tauni ya Butha-Buthe mumayamba kukwera pa msewu wa A1, umene umakhotakhota pa phiri la Moteng, nkudutsa Oxbow, mpaka kufika ku Afriski pafupi ndi Mahlasela. Msewu wonsewo ndi wa tala, koma muwerengere maola asanu kapena kuposerapo, chifukwa pa Moteng galimoto imayenda ngati nkhono ndipo mumakumana ndi malole komanso nkhosa. Chipata cha Caledonspoort sichikhala chotsegula usiku wonse, choncho musanyamuke ku Joni madzulo.

Kuti ndalama zanu zikwane, musagone pamwamba pa phiri. Malo ogona a pamenepo amadula m'nyengo ya chipale, ndipo amadzaza msanga. Fufuzani nyumba yobwereka yokhala ndi khitchini ku Fouriesburg kapena ku Butha-Buthe, mugule ufa, nkhuku, mazira ndi ndiwo zamasamba ku Bethlehem, muziphika nokha nsima monga kwathu. Ku Clarens nkokongola kwambiri, koma ndi tauni ya alendo ndipo mitengo yake ndi ya alendonso. Mukagona kumunsi Lachisanu, Loweruka mulawirire m'bandakucha kuti mukafike pamwamba kukadali m'mawa, mukhale tsiku lonse, ndipo mutsike kusanade. Pa nkhani ya galimoto, pezani banja lina la kwathu kuti mugawane mafuta ndi ndalama za pa mageti a pa N3, pakuti galimoto ya anthu asanu ndi awiri ikagawidwa pawiri mtolo umapepuka. Ndalama musavutike kusintha, chifukwa loti ya ku Lesotho ndi yofanana mphamvu ndi randi, ndipo randi imalandiridwa paliponse. Muonetsetse kokha kuti maloti amene akubwezerani ngati chenje mwawagwiritsa ntchito musanatuluke, chifukwa ku South Africa sagulira kanthu.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani kuti mukambirane ndi alamu anu mosabisa mawu. Ulendowu ndi wotuluka m'dziko la South Africa ndi kulowanso, ndipo pa chipata amadinda pasipoti ya munthu aliyense. Mmalawi wobwera kudzacheza ku South Africa amapatsidwa masiku osapitirira 30. Inu mudzakhala mkati mwa masiku anu, koma aliyense amene masiku ake anatha asayerekeze kukwera nawo galimotoyo, chifukwa malamulo amene anayamba mu 2014 amati munthu wopitiriza masiku aletsedwe kulowanso kwa chaka chimodzi, ndipo ngati anapitiriza ndi masiku oposa 30 amaletsedwa kwa zaka zisanu. Komanso ngati galimoto si ya woyendetsayo, atenge kalata ya mwini wake ndi mapepala a galimotoyo.

Namwino wa ku Monkey Bay anayankha kuti:

Achimwene a ku Namwera afotokoza bwino za msewu, ndipo pa nkhani yogona kumunsi ndikugwirizana nawo, koma pa chifukwa china chimene sichikhudza ndalama. Ine ndinapitako ndi mng'ono wanga zaka zingapo zapitazo, ndipo ndikufuna kuti aphunzitsi amve zimene zinandichitikira.

Ife a kunyanja timakhala pamalo otsika, osafika ndi mamita 500 omwe kuchokera pa nyanja yamchere. Afriski ili pa mtunda woposa mamita 3,000, kutanthauza kuti pamene mukuimika galimoto mwakwera kale kuposa nsonga ya Sapitwa ku Mulanje, imene ili pa mamita 3,002. Pamalo okwera chotero mpweya umene thupi limalandira pa kupuma kulikonse umachepa. Ine ndinatsika m'galimoto ndi chimwemwe nkuyamba kuyenda mofulumira, ndipo ndisanayende mtunda wofanana ndi bwalo la mpira mtima unali ukugunda m'makutu, mutu ukuwawa ngati wamangidwa ndi chingwe. Ndinakhala pa benchi theka la ola ndikumwa madzi pang'onopang'ono, ndikuonerera ana aang'ono akutsetsereka. Mwayi wanu ndi wakuti Johannesburg nayo ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,750, choncho musakonze ulendowu sabata yoyamba. Khalani kaye ku Joni masiku khumi kuti thupi lizolowere. Pamwambapo muzimwa madzi ngakhale simukumva ludzu, ndipo ngati mwana wayamba kusanza kapena mutu sukuleka, mankhwala ake ndi kutsika phiri, osati kudikira kuti aone ngati kusinthe. Ngati wina mwa inu ali ndi mphumu kapena vuto la mtima, akaonane ndi dokotala asananyamuke ku Mangochi.

Za zovala, musagule chilichonse chatsopano ku Joni. Pitani pa kaunjika pa msika wa pa boma, kapena ku Limbe ngati mudutsako, mukasankhe majekete ochindikala aja amene kuno kotentha ogulitsa amasowa owagula. Chofunika ndi kuvala zovala zingapo mosanjikiza: malaya opyapyala a manja aatali mkati, juzi pakati, ndi jekete losalowa madzi pamwamba. Jinzi ndi yoipa pa chipale, chifukwa ukagwa imanyowa ndipo siuma, ndiye imazizira pathupi tsiku lonse. Chimene ine ndinalakwitsa ndi magolovesi. Ndinatenga aubweya oluka, ndipo nditangoumba chipale kamodzi ananyoweratu, zala zinauma gwa mpaka ndinalephera kutsegula zipi ya chikwama changa. Funani magolovesi osalowa madzi, masokosi awiriawiri, ndi chipewa chophimba makutu. Musaiwale magalasi a dzuwa ndi mafuta a pamilomo, pakuti chipale chimabweza kuwala kwa dzuwa m'maso, ndipo mphepo ya kumeneko ndi youma moti milomo imang'ambika tsiku limodzi.

Nyumba imene tinagona kumunsi inatiuza kuti ili ndi zotenthetsera m'zipinda, koma titafika tinapeza kahita kamodzi kokha ka nyumba yonse, ndipo m'mawa madzi sanatuluke pa mpopi chifukwa anali ataundana m'mapaipi. Choncho musanalipire, funsani momveka bwino ngati chipinda chilichonse chili ndi chotenthetsera ndi mabulangete okwanira, ndipo usiku mutungire madzi m'ndowa.

Bambo a ku Malindi anayankha kuti:

Aphunzitsi, ine ndilankhula ngati mkulu wanu, ndipo mundikhululukire ngati ndikuthira madzi pa moto. R7,000 ndi ndalama zambiri kwa munthu wolandira malipiro a boma. Ngati cholinga ndi chakuti mwana adziwe kuzizira kwa m'mapiri, phiri la Zomba lili pafupi, maola atatu okha pa minibasi kudzera ku Liwonde, ndipo mu Julayi pamwamba pake pamazizira mokwanira, nkhungu ili tolo m'mitengo ya paini. Ku Nyika m'mawa udzu umayera ndi chisanu. Kodi si bwino kusunga ndalamazo kuti zidzathandize pa fizi ya ku sekondale, popeza mwanayo watsala pang'ono kulemba mayeso a Sitandade 8?

Komanso mudziwe kuti chipale cha ku Afriski nthawi zambiri ndi chopangidwa ndi makina amene amapopera madzi mumpweya usiku kukazizira kwambiri. Mukhoza kupeza mzere umodzi woyera wotalika pafupifupi kilomita imodzi, pamene mapiri onse ozungulira ali ndi udzu wofiirira. Ndikunena izi kuti mwana asadzakhumudwe poyerekeza ndi zimene anaona pa foni.

Dalaivala wa ku Namwera anayankhanso kuti:

Bambo a ku Malindi anena zoona pa nkhani ya makina, ndipo ndi bwino kuti mwana auzidwiretu. Koma ine ndinganene kuti makinawo ndi amene amathandiza munthu wa ndalama zochepa, chifukwa chipale chogwa kumwamba sichipangana ndi munthu tsiku, ndipo chikagwa chambiri msewu wa pa Moteng umatha kutsekedwa, nkukusiyani mukulipira malo ogona masiku amene simunawerengere. Chopangidwacho chimapezeka kuyambira mu Juni mpaka mu Ogasiti, ndipo m'manja chimazizira chimodzimodzi.

Aphunzitsi, posankha tsiku pewani sabata ya pa 9 Ogasiti, limene ndi tsiku la tchuthi lokumbukira amayi ku South Africa, chifukwa anthu amakhamukira kumapiri ndipo malo ogona amakwera mtengo. Musachedwenso mpaka kumapeto kwa mwezi pamene kwayamba kufunda. Sabata ya pakati pa mwezi ndiyo yabwino kwa inu. Pa zosewera, musabwerekere anthu onse atatu nsapato ndi timatabwa totsetserekera, pakuti pamenepo ndi pamene ndalama zimathera: pali tikiti yolowera, kubwereka zipangizo, ndi malipiro a mlangizi, chilichonse pachokha. Munthu amene sanayambe watsetserekapo amatha tsiku loyamba akungogwa ndi kudzuka. Ngati ndalama zilola, mulipirire mwana yekha phunziro la oyamba kumene, ndipo inu ndi mayi mukwere nawo zotsetserekera zokhala pansi, zimene sizifuna luso ndipo ndi zotsika mtengo. Muimbe foni kapena muone pa intaneti sabata imodzi musanapite, kuti mutsimikize mitengo, nyengo ndiponso kuti malowo ndi otsegula. Woyendetsa aonetsetse kuti mu rediyeta muli mankhwala oletsa madzi kuundana, ndipo potsika Moteng agwiritse ntchito magiya aang'ono m'malo mopondereza mabuleki njira yonse.

Mphunzitsi wa ku Mpondasi anayankha kuti:

Ndathokoza kwambiri nonse atatu. Bambo a ku Malindi, mawu anu ndawamva ndipo sindinawapeputse. Ndalama za fizi zili padera ku banki nkhonde ya mayi akunyumba ndipo sitidzazikhudza, koma nkhani ya mzere umodzi woyera ndamufotokozera mwana usiku wathawu, ndipo wayankha kuti ngakhale chikhale chodzaza beseni limodzi, iye akufuna kuchigwira ndi manja.

Ndalankhula ndi alamu anga pa foni monga munandilangizira, achimwene a ku Namwera. Mapepala awo ali bwino, koma mnzawo amene tinkayembekezera kuti tigawane naye galimoto sangathe kudutsa pa chipata, choncho tikufunafuna banja lina. Tagwirizana kuti tidzagone ku Fouriesburg masiku awiri, tidzaphike tokha, ndipo phunziro lidzakhale la mwana yekha. Achemwali a ku Monkey Bay, Loweruka likubwerali tikupita pa kaunjika, ndipo ndikupemphani mundiuze ngati majombo a mphira amene timavala kumunda nthawi ya dzinja angathandize poyenda pa chipale titavala masokosi awiri mkati, chifukwa nsapato zochindikala za saizi ya mwanayu sindinazionepo pa msika wathu.