Zija za ma DVD ofufutika zija, ndabwera ndi yankho

Zikomo nonse amene munandiyankha pa funso langa lija lakuti ma DVD-RW (madisiki otheka kufufuta n'kulembaponso) akupezekabe kuti, komanso ngati ndi odalirika kusungirapo zithunzi za maukwati zomwe ndimajambula. Kupezeka akupezeka koma movutikira, mashopu amene ndinalowa ku Limbe angotsala ndi ma DVD-R okhaokha, wina mpaka kundiseka ati bwana mukadali pa madisiki? Ma DVD-RW ndinakawapeza pa kashopu kena kogulitsa makope ndi zolembera, a 4.7GB aja.

Koma pamapeto pake ndinamvera achimwene ena amene anandiyankha, anati DVD-RW si yosungirapo zinthu zokhalitsa chifukwa tsiku lina udzafufuta wekha mwangozi, bola DVD-R yolemba kamodzi basi. Ndiye zithunzi zonse ndabena (kuzilemba pa disiki) pa DVD-R, pa spidi ya 4x osati kuthamangitsa, ndipo pa ImgBurn, pulogalamu yobenera madisiki, ndinachonga pa Verify, pomwe imatsimikiza ngati zalembeka bwino. Apa ndiye pali nkhani anzanga, disiki ina kompyuta inati yabena bwinobwino koma pa Verify inakana, mafayilo ena osatseguka. Popanda kuchonga paja ndikanaisunga ili yowonongeka kale osadziwa.

Madisiki ndaika m'makesi ake, choimika, mu kabati kopanda dzuwa, ndipo ndalembapo ndi maka yofewa osati bolopeni, imakanda. Kope ina ili pa external hard drive yomwe ndasiya kwa achemwali anga, disiki yokha sindingaidalire ayi.

Amene muli ndi laputopu zatsopanozi, zambiri zilibe polowetsa disiki, mugulirenso drive ya USB apo ayi mudzangowayang'ana madisikiwo.